Jakisoni wa kumatako ndi chishalo cha njinga

Amuna anga saopa ng'ona. Chaka china madzi atasefukira ku Chiromo, iwo ankawolotsa mbuzi za anthu atazisenza pamapewa, madzi akuwalekeza m'chifuwa. Koma muwaonetse jakisoni, muwamva akufunsa kumene kuli chimbudzi.

Nthawi imeneyo iwo ankapalasa kabaza pa Bangula, ine ndikugulitsa milamba yowamba pamsika. Ndinali ndi pakati kachitatu, koma m'nyumba munalibe mwana. Awiri oyambawo anabadwa ali zii. Kwathu kuno nthayo, mwana wobadwa wakufa, sailira maliro. Amayi akuluakulu amangokakwirira mwakachetechete, iwe n'kukuuza kuti upukute misozi, anthu angakuone. Pa mimba yachiwiriyo ndinachirira kunyumba, ndipo zitavuta, apongozi anga aakazi ndi azakhali a amuna anga anandikhalira uku ndi uku kuti nditchule amuna amene ndinayenda nawo. Akuti mwana amakana kutuluka mayi akabisa zachiwerewere. Ndikanatchula ndani ine? Ululu utandikwana ndinatsala pang'ono kutchula msika wonse, ndi agogo opanda mano ogulitsa mchere omwe, kuti angondisiya. Zimenezo zimandiwawabe mpaka lero.

Mimba yachitatuyi sindinamverenso zoti mimba yaing'ono saionetsa kwa anthu. Ndinayamba sikelo msanga. Anamwino anandibaya chala, n'kudontheza magazi pa kapulasitiki, tinadikira pang'ono, kenako anandiyang'ana.

"Mayi, muli ndi chindoko."

Ndinawauza kuti pathupi panga palibe ngakhale kachiphuphu. Iwo anati matendawa ndi akabisira: kachilonda kamabwera kosapweteka, kamapola kokha, koma kachilombo kamatsala m'magazi n'kumapita kwa mwana m'mimba. Mankhwala ake ndi penisilini wa jakisoni, katatu, sabata ndi sabata. "Koma abambo akapanda kubayitsa, akupatsiraninso, ndipo tavutika chabe," anatero.

Jakisoni ameneyo si wamasewera. Ngwoyera, wolimba ngati phala la mwana, ndipo amakubaya matako onse awiri kuti lina lisachite nsanje. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati bakha.

Nditawafotokozera amuna anga, anadumpha.

"Nkhabe! Ine ndilibe matenda. Kachilonda kaja ndi kakalekale, ndinagula kapisozi pamsika, ndinathirapo ufa wake, kanapoleratu."

"Kachilonda kati, bambo?"

Munthu anadziulula yekha popanda azakhali omukhalira uku ndi uku. Atabwerera mumtima anayamba zina: akuti munthu wa kabaza amadyera matako, mukawabaya akhala bwanji pa chishalo? Kodi ndikufuna tigone ndi njala? Ndinawayalira mphasa yawo payokha n'kuwasiya. Koma mantha anandigwira. Mphasa yapayokha m'banja sikhalitsa, ndipo mwana anali atayamba kugunda m'mimba.

Tsiku la jakisoni wachiwiri ndinapempha apongozi kuti andiperekeze. Ndinati ndimachita chizungulire, zomwe zinali zoona pang'ono. Iwo ankadana ndi chipatala, koma ankakonda kumva nkhani za eni, choncho analowa nane mpaka m'chipinda. Ndinapempha anamwino kuti abwereze zonse zija pamaso pawo, osasiyako kanthu, ndipo ine ndinawonjezerapo za kapisozi.

Apongozi anafunsa chapansipansi, "Ndiye ana awiri aja?"

"Sindinganene motsimikiza, amayi, poti sitinawayeze," anamwino anayankha. "Koma matendawa amachita zomwezo."

Titafika pamsika apongozi anandisiya pa benchi langa la nsomba, iwo n'kulunjika pamene a kabaza amadikirira anthu. Ndinkaona zonse. Anyamata anawathamangira, aliyense akuti kwerani ino amayi, koma iwo anawadutsa onse, n'kukadzikhazika pa kaliyala ya mwana wawo, n'kukonza chitenje bwinobwino.

"Mukupita kuti, mama?" amuna anga anafunsa.

"Kuchipatala. Palasa."

"Mwadwala?"

"Ndati palasa."

Munthu anadzipalasira yekha kukabayitsa, akuganiza kuti wanyamula wodwala. Zimene zinachitika m'chipindamo ndinamva kwa mayi wina amene anali pamzere wa sikelo. Akuti kunamveka kulira ngati mbuzi yapanikizika mumpanda, ndiponso mawu a gogo wina akuti, "Pokatenga sunalire, ulire lero?" Pobwerera amuna anga ankakankha njinga, apongozi ali pambuyo ngati apolisi. Anzawo a kabaza anawafunsa ngati tayala laphwa, iwo anati eya, ngakhale matayala onse anali olimba gwa. Masabata otsatirawo apongozi ankakwera njinga yawo chimodzimodzi, ndipo sanalipirepo.

Kundipepesa sanandipepese. Apongozi a kuno sapepesa mtengwa. Anangoyamba kunditungira madzi, n'kumandiletsa kusenza dengu la nsomba. Azakhali aja atabwera ndi mizu yawo yoti ndizimwa, apongozi anawauza kuti akamwe okha.

Miyezi itakwana ndinakachirira kuchipatala. Anamwino anali atandiuza kuti poti tinayamba mankhwala msanga, ndisade nkhawa kwambiri, koma mtima wanga sunamve zimenezo. Mwana atatuluka ndinatseka maso, kudikira bata lija ndinkalidziwa bwino. M'malo mwake kunabuka phokoso. Kamtsikana kakang'onong'ono, koma kukamwa ngati kogulitsa nsomba kale. Anamwino anakayang'ana khungu, zikhatho, mphuno, mimba, n'kunena kuti kali bwino.

"Nsalu za mwana zili kuti?" anamwino anafunsa.

Ndinalibe. Miyezi yonseyo sindinagule thewera, chipewa, ngakhale kansalu kamodzi, chifukwa sindinkakhulupirira kuti ndidzabwerera kunyumba ndi munthu m'manja. Apongozi anandiyang'ana, n'kumvetsa. Anamasula chitenje chawo chatsopano cha kutchalitchi, chimene sankalola ngakhale ntchentche kuterapo, n'kumukulunga mwanayo. Posakhalitsa anachikodzera. Iwo anaseka mpaka misozi, kenako kusekako kunatha, misozi yokha n'kupitirira. Ine ndinalira nawo mokweza, za ana onse atatu, ndipo palibe anandiuza kuti nditonthole.