Nyulu Itaima Posayenera

A Epifanio Villavicencio anabadwira pamwamba pa phiri, kumene mvula imabwera ngati bwana woyendera, kamodzi pachaka, nayonso osakhalitsa. Anaphunzira kukwera nyulu asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Boma litalengeza kuti mapiri onsewo ndi malo otetezedwa, dzina lawo linali lachitatu pa mndandanda wa operekeza alendo. Kumeneko mlendo satsika yekha kuchigwa kukaona zojambula za anthu akale m'mapanga. Amaperekezedwa pa nyulu, ndipo operekezawo amasinthana motsata mndandanda, uyu akabwera uyo apite. Ukachotsedwa pamenepo, watsala ndi mbuzi zako basi.

Akazi awo, mayi Eduviges, ankasamala zipinda ziwiri za alendo kuseri kwa khola. Bedi, bulangete, ndowa imodzi ya madzi pa munthu, kusamba momwemo, kuchapa momwemo. Mlendo akadandaula, ankamupatsa khofi ndi tchizi cha mkaka wa mbuzi, n'kumuuza kuti atuluke akaone ngati panja pali mtsinje.

Vuto linali maso. Ng'ala inawayamba atangokwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo patatha zaka zisanu ndi ziwiri dziko lonse linali litasanduka utsi. Munthu ankamuzindikira ndi mawu, mbuzi ndi belu. Koma kuti auzeko wina? Ayi ndithu, makani a bambo amenewa sanali amasewera. Oyang'anira malowo akanangodziwa, dzina likanafufutidwa tsiku lomwelo, pakuti njira ya kuchigwa ndi yoti mwala ukagubuduka sumva pomwe wafikira.

Chinsinsi chawo chinali Canela, nyulu yofiirira imene inatsika njirayo kwa zaka makumi awiri. Canela ankadziwa yekha poima: pa mkuyu, pa kasupe, ndi pa mwala waukulu pomwe phanga loyamba limaonekera tsidya. Iye akaima, a Epifanio ankatsokomola pang'ono n'kuyamba kufotokoza, chala chili kuloza, ngati munthu woona bwinobwino.

Mu Febuluwale, nthawi yawo itakwana, kunabwera banja la ku Canada. Griselda Zúñiga, woyang'anira operekeza, anati apita nawo kuti akaone njira komanso azikamasulira. A Epifanio anamudziwa Griselda akukwawa, koma tsopano anali ndi chipewa cha boma ndi maso a kabawi.

"Bambo a Nereida, muuzeni Griselda zoona," anatero mayi Eduviges m'mawa, akulonga m'matumba nyemba ndi totiya, timikate topyapyala tija.

"Zoona zake ziti?"

"Dzulo munapereka moni kwa mtolo wa nkhuni."

"Ndimaupatsa ulemu. Si umene umatiphikira?"

Anatsika bwino. Pa mkuyu Canela anaima, a Epifanio anafotokoza za mkuyu. Pa kasupe chimodzimodzi, alendo anamwa, anajambula. Koma nayenso Canela anali atakalamba, ndipo zimenezo mwiniwake sanaziganizire. Kutatsala kamtunda ndithu kuti afike pa mwala waukulu, nyulu ija inatopa, n'kuima kuti ipumeko.

A Epifanio anatsokomola. "Onani tsidya ilo," anatero monyadira. "Anthu ofiira ndi akuda, manja ali m'mwamba. Kumanzere kwawo kuli mbawala yaikulu, ndipo mukayang'anitsitsa, ili ndi muvi m'nthiti."

Tsidyalo kunali thanthwe lopanda kanthu, ndi kachitsamba kamodzi kaminga. Griselda anamasulira zonse m'Chingerezi osasiyako liwu. Alendo aja, anthu aulemu, anayang'anitsitsa mpaka makosi kuwawa, ndipo mwamunayo anachita kunena kuti mbawalayo waiona, n'kujambula kawiri. Canela atapuma ananyamuka, n'kukaimanso pa mwala weniweni uja. Apo m'pamene a Epifanio anazindikira zimene achita. Manyazi anawagwira moti sanatsokomole n'komwe.

Masana, alendo akupuma pansi pa mitengo ya kanjedza, Griselda anadzakhala pafupi nawo.

"Bambo Epifanio, malaya ndavalawa ndi amtundu wanji?"

"Aboma."

"Ndikufunsa mtundu wake, ofiira kapena obiriwira?"

Bambowo anatafuna totiya nthawi yaitali. "Mwanawe," anatero, "ukandichotsa, m'mawa ndizidzukira chiyani?"

"Sindifufuta dzina lanu, ndiliika m'thumba kaye. Mwezi wamawa madokotala a maso akubwera kutauni ya kunyanja. Pitani akakuchotseni ng'alayo, mukabwera mudzandiwerengere mbuzi za tsidya lija. Mukakana ndifufuta. Ndidzalira, koma ndifufuta."

"Andidule m'maso ndili moyo?"

"Mumatsika phompho ndi anthu a eni osaona, lero muope kampeni ka dokotala?"

Anaopa ndithu, tisabise. Ulendo wonse wa pagalimoto anagwira mkono wa akazi awo. Atafika kwa mwana wawo Nereida, amene amakhala kutauniko, anakana chakudya, chinthu chimene sichinachitikepo chibadwire. Pakhomo la chipatala anafunsa kawiri ngati kuli khomo lakuseri. Diso lamanja analikonza Lachiwiri, lamanzere patapita milungu itatu.

Dzina linabwerera pa mndandanda mu Meyi. Mbuzi anawerenga khumi ndi zinayi, Griselda anapeza khumi ndi zitatu, ndipo atabwereza zinapezeka kuti wolakwa ndi wachipewa cha boma. Nkhani imeneyo a Epifanio amaifotokozera mlendo aliyense mpaka lero, wafunsa kaya sanafunse, ndipo mbuzizo zimawonjezeka chaka chilichonse.

Imene safotokoza ndi ya m'mawa umene nesi anachotsa bandeji yoyamba. Anaphethira, anayang'ana khoma, anayang'ana zenera, kenako mayi amene anakhala pambali pa bedi atagwira chipewa chawo. Anawayang'ana nthawi yaitali. Pamene maso ankayamba kuchita utsi, tsitsi limenelo linali lakuda bii.

"Eduviges," anatero chapansipansi, "imvi zonsezi zabwera liti?"

"Imodziimodzi," anayankha mayiwo, akuwaveka chipewa. "Ulendo uliwonse mukatsika, ine ndinkaima pakhola kudikira kuti ndione ngati Canela abwera ndi munthu pamsana."