Diso la Amalume a Yobu

Ndikukumbukira tsiku limene pakamwa panga panapweteketsa amalume anga a Yobu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kamtsikana kolongolola ngati wailesi, kwathu ku Chiparamba.

Amalumewo anali atelala, osakwatira, ndipo ankakhala nyumba imodzi ndi mnzawo, a Tembo. M'mawa wina amayi atandituma kukaona ngati diresi langa la Ukaristia woyamba latha kusokedwa, ndinawapeza awiriwo atakumbatirana pamphasa. Sindinaonepo choipa, koma nkhaniyo inandiyabwa. Ndinakaiulula pamjigo, azimayi akutunga madzi.

Dzuwa lisanapendeke, anyamata a m'mudzimo anafika ndi mipini ya makasu. A Tembo anathawira m'munda wa thonje. Amalume anawakokera pabwalo, nawamenya mpaka mpini wina unathyoka. Makina osokera anawaphwanya ndi mwala. Wina anaponda amalume kumaso ndi jombo, ndipo magazi anatuluka m'diso lakumanzere nkusakanikirana ndi fumbi. Diresi langa loyera linali pansi, anthu akulipondaponda, ndipo ine ndinkalirira diresilo. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Anyamatawo atabalalika, ndinafunsa amayi chifukwa chimene sitikumangira ng'ombe pangolo kuti tithamangire kuchipatala. Amayi, uku akutsuka mabala a mchimwene wawoyo ndi madzi amchere, anandiuza kuti womenyedwa akafika kuchipatala amafunsidwa kalata ya apolisi, ndipo apolisi akamva gwero la nkhaniyo adzamanga amalume, osati owamenya.

"Akakufunsa, uziti yawagunda ng'ombe," anatero. "Pakamwa pakopo pagwireko ntchito yabwino kamodzi."

Sanandimenye, ngakhale ine ndinkalakalaka atandimenya.

Tinadikira masiku anayi kuti mikwingwirima iphwe, bodza la ng'ombe limveke. Pofika kuchipatala, diso linali litafa kale.

Chaka chatha, ndili ku Chipata kumene ndimaphunzitsa, ndinamva pawailesi kuti kadziko kena ka pachilumba kachotsa lamulo lomanga anthu ngati amalume. Ndinawaimbira foni kuti ndiwauze. Iwo anafunsa: "Ndiye kuti kumeneko, mphwanga, munthu akamenyedwa amapita kuchipatala tsiku lomwelo?"

Zaka zonsezi ndinkadziimba mlandu ndekha pamodzi ndi anyamata aja, ndipo mlanduwo tili nawodi. Koma pano ndikudziwa kuti jombo ija inangovulaza diso la amalume. Chimene chinalipha ndi masiku anayi aja.