Mapazi Atatu Kumbuyo

Ndikulemba izi chifukwa mwezi watha, pomanga chiliza cha amalume ku Nsaru, chithunzi china chinayenda m'manja mwa anthu, ndipo mdzukulu wawo ananena poyera kuti amayi anga sanapondepo pasukulu yanga. Limenelo ndi bodza, ndipo ndikudziwa mmene linapangidwira.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, amalume anapeza diso lalitali la kamera yawo ya filimu kwa mzungu wa ku esiteti amene ankabwerera kwawo. Linali lachitsulo, lakuda, lolemera ngati kamunsi, ndipo linkanunkha mafuta a makina osokera. Pojambula ankaima kutali, n'kumapotokola mkombero wake pang'onopang'ono mpaka nkhope imene akuifuna itaoneka bwino. Ankanyadira kuti disolo limaona ngakhale kunja kuli mitambo. Chimene sankanena n'chakuti limasankha: munthu mmodzi limamuonetsa mpaka nsidze, wina amene waima kumbuyo pang'ono limamusandutsa utsi.

Inali nyengo yosankha fodya. Amayi ankalowa m'chigafa kukucha, ndipo manja awo anali akuda ndi utomoni umene sopo ankaulephera. Tsiku lotsekera sukulu ndinakhala nambala wani. Iwo anasiya fodya, nayenda wapansi osavala nsapato, nafika thukuta lili kamukamu, chitenje chili ndi zinyenyeswa za masamba. Amalume anali atafika kale, atavala jekete, chifukwa masiku amenewo ankafunsira aphunzitsi athu aakazi.

Anatiimika pansi pa mtengo wa mango, ine ndi aphunzitsi kutsogolo. Amayi anandigwira paphewa, ndipo ndimakumbukira fungo lowawa la fodya pafupi ndi tsaya langa.

"Achemwali, tabwererani m'mbuyo pang'ono," anakuwa amalume ali patali. "Mapazi atatu basi. Makinawa amafuna mpata."

"Kodi nditulukamo bwino, achimwene?" anafunsa amayi, akubisa manja m'chitenje.

"Ngati mkazi wa bwana!"

Anthu anaseka, amayi anasekanso, nabwerera.

Chithunzi chinabwera patapita milungu itatu. Ndolo za aphunzitsi zinkawerengeka. Kumbuyo kwathu kunali chinthu chotuwa, chopanda maso, chopanda pakamwa. Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwina ndinagwedezeka, eti?" Anamwalira dzinja lotsatira, ndipo chithunzi chawo china palibe.

Ndili mwana ndinkada diso la kameralo. Ndinkaganiza kuti linali lodwala, ndipo ndinkawamvera chisoni amalume kuti mzungu anawapusitsa. Ndinali ku koleji pamene ndinagwira diso lotere ndi dzanja langa, ndikupotokola mkombero, ndi kuona mnzanga akusungunuka atangobwerera mapazi atatu. Munthu amene anajambula maukwati a dera lonse ankaudziwa bwino muyeso umenewo. Anachita manyazi ndi mlongo wake, amene fodya wake ndiye ankandisunga pasukulu, ndipo anamufafaniza akumuseketsa. Sindinawakhululukire ali moyo, ndipo simenti ya chiliza siisintha kanthu.

Amene analipo tsiku limenelo ndi awa: aphunzitsi aakulu, aphunzitsi athu aakazi, amene pambuyo pake anawakana amalume, ana a Sitandade 5, amayi awiri ogulitsa zitumbuwa, amalume, kuseri kwa kamera, ine, ndi amayi anga, amene anaima pamene anauzidwa kuti aime, ndipo sanagwedezeke.