Ndinkaluka tsitsi la ena langa likuthothoka

Woyamba kuona anali mng'ono wanga Agnesi, mu Meyi tikukumba mtedza kwathu ku Nsaru. Duku linandigwa nditawerama, iye n'kuti, "Asisi, muli ndi kachipere kunkhongoku." Sipankayabwa kapena kupweteka. Panali posalala ngati pamphumi, kukula ngati chitsekero cha botolo. Ndinapaka mankhwala a chipere milungu itatu, koma pofika Julayi malo otere anali anayi, ndipo nsidze yakumanzere inayamba kutha.

Ntchito yanga ndi yoluka tsitsi pamsika. Tsiku lonse manja anga ankakhala m'tsitsi la anthu ena, langa nditalibisa m'duku. Nsanje inandilowa. Mayi aliyense wokhala pampando panga ndinkamuona ngati wandilanda kanthu. Koma amene ankandiwawa kwambiri anali Agnesi, mwini tsitsi lakuda bii, limene salisamala n'komwe. Ukwati wake utayandikira mu Ogasiti, anandipempha kuti ndimuluke. Ndinamukoka mwadala mpaka misozi inalengeza m'maso mwake. Anangoti, "Asisi, mukundipweteka," ine osafewetsa dzanja. Kutchalitchi anthu ankayamikira mutu wa mkwatibwi, ine ndili kumbuyo, mtima ukuwawa. Ndinafika poganiza kuti mwina ndi iyeyo wandichita chipongwe, ndipo ndinasiya kumulankhula.

Mu Seputembala amuna anga ananditengera kuchipatala cha mishoni. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anandiyeza magazi, osapeza kanthu, n'kunditumiza kwa madokotala a khungu mumzinda. Kumenekonso mzere unali wautali, ndipo ine ndinkangoyang'ana mitu ya amayi anzanga.

Adokotala atandiona anati, "Mayi, ichi si chipere, ndipo palibe wakulodzani. Asilikali a m'thupi mwanu, amene amalimbana ndi matenda, asokonezeka n'kuyamba kuukira mizu ya tsitsi. Koma mbewu ya tsitsi ikadali m'khungumo, yangogona. Asilikaliwo akakhala pansi, idzadzuka."

Anayamba kundibaya jekeseni pakhungu la m'mutu kamodzi pamwezi, n'kundipatsa mankhwala opaka. Jekeseniyo imaluma, ndipo miyezi iwiri yoyamba sindinaone kusintha. Ulendo wachitatu amuna anga anali kudimba, ndiye Agnesi anabwera yekha osaitanidwa kudzandiperekeza. Tili pabenchi ndinamuuza zonse, za kumukoka tsitsi ndi zomuganizira ufiti. Iye anati, "Zokokazo ndinadziwa. Zaufitizo ndiye zandipweteka." Sanachoke, koma tinabwerera kumudzi osalankhulana, ndipo panapita milungu asanapondenso pakhomo panga.

Mu Januwale titsitsi toyera, tofewa ngati thonje, tinayamba kumera. Pang'ono ndi pang'ono tinada. Lero mutu wanga wadzaza kupatula kuseri kwa khutu lamanja, ndipo nsidze inabwerera yopyapyala. Adokotala anandichenjeza kuti vutoli likhoza kuyambiranso, choncho ndimapitabe kukaonedwa. Nsanje sinatheretu, ndikamaluka tsitsi lalitali imandigwirabe, koma tsopano ndimaizindikira.

Mukaona tsitsi likuthothoka malo osalala, musataye miyezi inayi monga ndinachitira ine. Pitani kuchipatala msanga, musanayambe kusaka wolakwa pakati pa abale anu.