Lukiya ndi Njere Zanthete za Thonje

Ine sindikhalitsa malo amodzi. Nkhani zambiri zimandidutsa. Iyi yokha inandikakamira. Inu amene mwatsala pang'ono kugonja, imvani.

Lukiya anatsika minibasi kwa Malemia mdima utagwa. Mwana wa ku Ndirande. Kuno kwawo kwa mayi ake anali asanapondeko. Anali atalephera ku yunivesite. Ntchito yake yomaliza kumeneko inali kulera njere zosakhwima za thonje m'mabotolo. Zonse zinafa.

Amalume ake, a Zubair, anamulandira osafunsa zambiri.

Kutacha Lukiya anaona mtengo wa thonje kuseri kwa nyumba. Osati la m'munda lija. Uwu unali wautali kufika padenga, wokalamba. Anabzala ndi makolo. Pabanjapo pakagwa maliro, thonje lokonzera thupi ankathyola pomwepo. Koma tsopano mbozi zinkaboola zipatso zake, zipatsozo n'kumayoyoka zisanakhwime. Njere yoti n'kubzala panalibe.

"Mvula ikayandikira ndiudula," anatero a Zubair. "Wasanduka khola la mbozi."

"Ndipatseni mpata, amalume."

"Iwe? Thonje la kusukulu unamaliza, wabwera kudzapha langa?"

Lukiya anatola mabotolo a jamu n'kuwawiritsa. Anaphika kaphala ka chinangwa, shuga ndi feteleza pang'ono. Anaikamo njere zanthete. Zina zinachita chuku. Zina zinamera msangamsanga, timizu ngati tsitsi, n'kufa.

Funso limodzi linamusowetsa tulo. Kodi njere ikadali m'chipatso imadya chiyani?

Anang'amba chitenje chakale. Duwa likatseguka, ankalimanga kansalu, mtundu wake sabata iliyonse. Motero ankadziwa msinkhu wa chipatso chilichonse. Ankang'amba chaching'ono, chapakati, chachikulu. Makina oyezera analibe. Anali ndi lilime.

"Wayamba kudya thonje?" anafunsa a Zubair. "Mpunga watha m'nyumba muno?"

Njere yaing'ono inali madzimadzi, otsekemera. Yokulirapo, kutsekemera kunachepa, ikumveka mafuta. Chakudya cha njere chimasintha njereyo ikamakula! Anakumbukiranso za mahomoni, timadzi tolamula kakulidwe. Ena amauza njere kuti ikule. Ena amaiuza kuti isamere kaye. Iye ankazipatsa zonse chakudya chimodzi, cha mbande, ngati kupatsa khanda chimanga chokazinga.

Anayambiranso. Zazing'ono anaziwonjezera shuga kuti zisapupulume. Zitanenepa, anazisamutsira m'kaphala kopepuka. Zambiri zinafabe. Imodzi inatulutsa muzu woyera. Kenako masamba awiri. Zina zinatsatira.

Mitambo itayamba kusonkhana paphiri, a Zubair anabwera ndi nkhwangwa. Lukiya anawapatsa botolo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Kameneka n'ka mtengo uwu?"

"Mwana wake, amalume. Koma ndikufuna maluwa ena."

A Zubair anakabweza nkhwangwa m'nyumba.

Ndinakumana ndi Lukiya m'mamawa mu minibasi ya ku Zomba, beseni la mabotolo pamiyendo. Aphunzitsi ake akale anali atamulola kukayeza njerezo ndi makina enieni. A Zubair anaima pazenera.

"Ukakayeza ubwere nazo. Thonje limeneli lidzakonza ine."

Minibasi inanyamuka.

Inu amene mabotolo anu akungofa, musawataye. Funsani funso lina, muyambirenso. Mtima wokha osautaya.