Kachewere wa Kutsidya kwa Msewu

Kumunsi kwa msewu waukulu wodutsa pa Biriwiri kuli dimba la mayi Lufina Ngozo, amene aliyense m'mudzimo amangowatchula kuti Nangozo. Msewuwo ndiwo malire: mbali ino n'ku Malawi, mbali inayo n'ku Mozambique, ngakhale kuti anthu a mbali zonse ziwiri amakwatirana, amaikana maliro ndipo amapemphera m'tchalitchi chimodzi. Madzi othirira dimbalo amachokera pa kasupe amene ali kutsidya kwa msewu. Amadutsa m'kalavati pansi pa phula n'kulowa m'ngalande imene bambo awo a Nangozo anakumba adakali mnyamata, ndipo ngalandeyo imatsika phiri ikugawira madimba a mabanja angapo.

Nangozo anakulira pa ngalandeyo. Anakwatiwa ku Kandeu, ndipo amuna awo atamwalira anabwerera kwawo ndi ana, khasu ndi kheni yothirira. Kuyambira pamenepo kabichi wa m'chilimwe ndiye wakhala akudyetsa nyumba yawo. Chimanga cha kumunda sachidaliranso, pakuti zaka zino mvula imabwera mochedwa n'kuchoka isanatsanzike. Anthu amawadziwa monga munthu wovuta kumunamiza. Mbewu yogula amayamba aifesa pang'ono m'chigoba kuti aone ngati imera. Venda akabwera ndi thumba lake, amalitembenuza kaye kuti aone ngati silinasokereredwe nsalu ina kumunsi. Ena amati n'kuuma mtima, iwo amati ndi maphunziro a umasiye.

Chaka chathachi mvula inadula mu Febuluwale. Pofika Okutobala ngalande inali itaphwera mwakuti nkhuku inkaiwoloka osadumpha. Kabichi wa Nangozo anali atafika msinkhu woyamba kukulunga mitu, nthawi imene mbewuyi sipirira ludzu. Akasowa madzi m'milungu imeneyo amangotambasula masamba ngati mpiru, ndipo palibe venda wa ku Lizulu amene amamuyang'ana kawiri. Onse pa ngalandepo ankati ndi chilala. Nangozo ankavomera ndi pakamwa, koma mtima unkafunsabe kuti kasupe amene sanaphwe ngakhale m'chaka cha njala yaikulu wafookeranji chaka chino.

Tsiku lina masana kunafika Ida, mng'ono wawo, amene anakwatiwa kutsidya kwa msewu ndi a Gracian, mlimi wa mbatata ya kachewere. Anali atasenza dengu lovundikira ndi masamba a nthochi.

"Odi kuno, achemwali! Alamu anu akuti mulaweko."

Nangozo anavundukula. Munali kachewere wamkulu ngati nkhonya ya mwamuna, wosalala khungu, dothi lake lidakali lonyowa.

"Khala pansi, Ida. Ukuthamanga ngati wadzapala moto bwanji?"

"Ndasiya nyemba pamoto, achemwali."

"Nyemba zipsa zokha. Tiye ukaone mmene kabichi wanga akufera."

"Tsiku lina."

Ida ameneyu nthawi zonse akafika ankayambira kudimba, n'kuthyola ndiwo osapempha. Tsiku limenelo sanacheukireko n'komwe. Anatsanzika ali chiimire, n'kusiya dengu lomwe.

Nangozo anakhala pakhonde akuyang'ana mphatsoyo. M'zaka zonse za ukwati wa Ida, a Gracian anali asanatumizepo ngakhale mtolo wa anyezi. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Nanga apa munthuyu ankaika chiyani? Anatenga mpeni n'kudula mbatata imodzi pakati. Mpeniwo unatuluka wonyowa. Mbatata yotere siimera ndi mame, ndipo mu Okutobala wa chaka chouma siimera ndi kheni. Ankadziwanso mwambo wa kwawo: munthu amene wadya za mlamu wake sangaimirire pagulu kumuneneza za munda womwewo, pakuti anthu amangomufunsa kuti pamene ankatafuna ankaganiza kuti zachokera kuti.

Mwana wawo wamkazi, Malita, anabwera ndi chiwaya m'manja, nkhope ili mwee.

"Amayi, lero tikazinge tchipisi."

"Bweza chiwayacho. Mbatata iyi aliyense asaikhudze."

"Koma ndi ya amayi aang'ono!"

"N'chifukwa chake."

Madzulo asanafike anapita kwa a Julius, wapampando wa komiti yoyang'anira ngalande. A Julius anawamvetsera modekha, akusisita bondo.

"Mphamvu yathu imathera pa kalavati, Nangozo. Kutsidyako ndi dziko la eni. Tikadandaula kwa yani? Komanso tisamanamizire anthu. Dzuwali mukuliona nokha."

Mawuwo anali omveka, ndipo mwina Nangozo akanabwerera nawo kwawo. Koma potuluka anadutsa pa dzala la pakhomopo, pamene nkhuku zinkapalasa makoko a kachewere, aakulu, osendedwa tsiku lomwelo. A Julius chaka chimenecho sanadzale mbatata. Nangozo anangozindikira kuti dengu la a Gracian silinali limodzi lokha.

M'mawa mwake anasenza dengulo, kuwoloka msewu, n'kutsata khwawa chokwera. Sanayende mtunda wautali. Pamunsi pa kasupe panali mpanda wa matumba a mchenga osanjikizana mpaka m'chiuno, ndipo kuseri kwake madzi anali atadikha ngati dziwe. Injini yopopera madzi inkalira pambali, paipi yake ikukwera m'munda wa mbatata wobiriwira mochititsa manyazi. Kumunsi kwa matumbawo kunkangotuluka kamadzi kodontha m'mipata. Aganyu anayi ankapalira. A Gracian ataona Nangozo anatambasula manja, n'kuyamba nthabwala zimene mlamu amaloledwa.

"Ha! Akazi anga aakulu abwera okha lero! Musaope, Ida ali kunyumba."

"Ndabweza katundu wanu, alamu. Sindidya mbatata yothiriridwa ndi madzi a kabichi wanga."

"Mwayamba ndi ndewu musanandipatse moni? Ukalamba ukukuonongani, mayi."

"Moni ndikupatsani madzi akadutsa."

A Gracian anazimitsa injini. Nthabwala zinatha, ndipo analankhula monga munthu amene mawu akewo anawakonzeratu.

"Tiyeni tinene zoona. Madzi amene amatsikira kwanuko, ochuluka amathera m'njira. Dothi limamwa, udzu umamwa, dzuwa limamwa. Otsalawo mumathira mpiru woti mukagulitse pamsewu kwa anthu amene nawonso ali ndi mpiru. Kuno dontho lililonse likusanduka mbatata, ndipo malole akuchokera ku Blantyre kudzaitenga. Anyamata awa ndi ana a kwanu komweko, akudya pano. Ndalakwa pati? Kasupe ali m'munda mwanga."

"Kasupe ali m'munda mwanu, koma khwawa lake lili kwathu. Bambo anga pokumba ngalande ija, agogo anu anagwira nawo khasu."

"Agogo analibe injini."

Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu kuti aganyu asamve.

"Inu ndi mlamu wanga, sindingakupheni ndi njala. Ndili ndi paipi yotsala. Tiidutsitse m'kalavati, tiikwirire, ikatulukire m'dimba mwanu mokha. Kabichi wanu akulunga sabata ino yomwe. Enawo, ndi chilala."

Wina atanena kuti Nangozo anakana pomwepo chifukwa chokonda anzawo, akhala akunama. Anaima nthawi ndithu akuganiza za mizere ya kabichi ija, ndi za nyumba imene inalibe pena podalira. Paipiyo anaiona m'maganizo ikulavula madzi pakati pa dimba. Kenako khalidwe lawo lakale lija linadzuka.

"Chotsekera chake chikhala mbali iti?"

"Kuno, kumene kuli injini. Nanga chingakhale kuti?"

Yankho limenelo linawakwanira. Madzi amene anawapeza pobadwa akanasanduka chinthu chopempha, ndipo tsiku limene akanatsegula pakamwa pa nkhani iliyonse, kaya ya Ida, kaya ya malire a munda, dzanja la a Gracian likanangopotokola chitsulo. Anatula dengu pansi, kumanga chitenje m'chiuno, n'kulowa m'matope. Anagwira thumba lapamwamba ndi manja awiri n'kuligwetsera kumbali. Lachiwiri linali lolemera. Analikoka mpaka linang'ambika. Madzi anayamba kusefukira pampatapo, ofiira, akukokolola zinyalala kulowera ku kalavati.

"Agwireni!" anatero a Gracian.

Palibe anasuntha. Mayi wamkulu sagwidwa mkono ndi ana a anzake, ndipo mwa aganyuwo munali ena amene amayi awo ali ndi madimba pa ngalande yomweyo. Mmodzi anawerama n'kupitiriza kupalira ngati sanamve. A Gracian eni ake sakanayerekeza kukankha mlamu wawo pamaso pa anthu. Anaseka, koma kuseka kwa mano okha.

"Mawa ndibwezeretsa."

"Mawa ndibweranso."

Zinaterodi mpaka mvula yoyamba. Madzulo matumba ankabwerera, m'mawa Nangozo ankawoloka msewu kukawagwetsa. Madzi ankayenda mpaka dzuwa litafika pamutu, kenako n'kuphwera. Eni madimba ena anaphunzira kudikira ndi makheni awo nthawi imeneyo, ndipo ankathirira mwachangu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anawaperekezapo. A Julius anayamba kuwapatsa moni waulemu kuposa kale, chipewa m'manja, osafunsa kumene akuchokera ndi matope m'miyendo. Nangozo msana unawapweteka kwa milungu, ndipo chikhadabo china chinazuka.

Kabichi wa kumtunda kwa dimba, kumene madzi ankayambira kufika, anakulunga. Mitu yake inali yaing'ono koma yolimba, ndipo venda anaitenga akung'ung'udza. Wa kumunsi anatambasula masamba, n'kudyedwa ndi mbuzi. Nyumba ya Nangozo inadutsa nyengo ya njala mopinimbira, koma inadutsa.

Ida sanapondenso pakhomo pawo. Kutchalitchi amakhala benchi ina, ndipo akakumana kuchigayo amapereka moni wopatsa mlendo. Nangozo sadziwa ngati mng'ono wawoyo anakwiya yekha kapena anachita kuuzidwa, ndipo pa zonse zimene zinachitika, ichi chokha ndicho safuna kuchifufuza.

Chilimwe china chayandikira, ndipo mbande za kabichi zamera kale pa nazale. Mwezi watha kunamveka kuti a Gracian agula simenti ndi miyala, ndipo anaziunjika pafupi ndi kasupe. Iwo akuti akufuna kumanga khola la nkhumba. Nangozo anafunsa kwa anthu atatu osiyana, ndipo onse anati pakhomo pa a Gracian sanaonepo nkhumba.