Chidendene cha Malizani

Malizani anawoloka mtsinje wa Ruo ndevu zitangoyamba kumera, mkazi wake Esnat ali pambuyo atasenza mphasa. Ankathawa Apwitikizi. Kwawoko munthu wakuda akakumana ndi mzungu ankayenera kuima, kuwomba m'manja ndi kupalasa pansi ndi mapazi ngati nkhuku, mpaka mzunguyo atakhutira. Tsiku lina Malizani anakana, ndipo anamumenya zikhatho ndi thabwa mpaka zinatupa. Atafika tsidya lino anauza Esnat kuti njala aipirira, koma kupalasa ndiye wasiya mpaka kufa. Nkhaniyi ankaibwereza pamowa ndi pamaliro pomwe, moti anzake anachita kuiloweza.

Anapatsidwa malo pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, pa lamulo la thangata: nyumba ndi kamunda nzako malinga ukugwira ntchito ya mwini dziko. Ukafooka, kapitawo ankabwera kudzasasula denga, chifukwa Alomwe ena ofuna malo ankawoloka Ruo tsiku ndi tsiku. Ntchito ya Malizani inali yosenza matumba a masamba kuchokera kusikelo kukatula kufakitale, m'njira ya miyala yokwera ndi kutsika. Anaigwira mpaka imvi zinayamba. M'zaka zimenezo anaika ana awiri m'kankhalango kuseri kwa nyumba, mtsikana wawo Teleza ndi khanda lomwe silinafike popatsidwa dzina. Ena sanabadwenso. Esnat ankalambula manda aja chaka chilichonse, ndipo mwamuna wake ankamuitanabe kuti bambo a Teleza.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina wa dzinja Malizani anadzuka pamphasa, ndipo atangoponda pansi anamva ngati msomali walowa kuchidendene chakumanja. Esnat anatenga singano nayamba kufufuza munga kapena thekenya, koma panalibe kanthu, ngakhale kutupa. Chodabwitsa chinali chakuti akayenda pang'ono ululu unkazilala, n'kugwira ntchito bwinobwino. Akakhala pansi kuti apume, podzuka msomali uja unkabwerera.

Anansi anati waponda mankhwala otchera munthu wina. Anapita kwa sing'anga, amene anamutema mphini kuzungulira chidendene. Mphini zija zinalowa matope n'kutukusira, ndipo kwa masabata angapo munthu anali ndi matenda awiri pa phazi limodzi. Nkhuku ya Esnat imene analipira sing'angayo inapita chabe.

Mantha ake enieni anali pa kapitawo Peterson. Munthuyo anali ndi maso a kabawi, ndipo ankaima pabwalo m'mawa uliwonse chitsulo choitanira anthu kuntchito chikalira, kuyang'ana mapazi a anthu osati nkhope zawo. Wotsimphina ankamufunsa kamodzi kokha, kachiwiri ankamusasulira denga. Tsono matenda a Malizani anasankha nthawi yomweyo ya m'mawa kuti ndiyo azionekera, ngati anachita kupangana ndi kapitawoyo.

Ukaipa dziwa nyimbo. Malizani anayamba kuliphunzira phazi lake monga munthu aphunzirira ng'ombe yolusa. Asanadzuke ankakola zala za kuphazi ndi chitenje chakale cha Esnat n'kumazikokera kwa iye mpaka katumba atamveka kutamuka. Kenaka ankakhala pachiwundo cha khonde n'kumagubuduza chitsononkho cha chimanga pansi pa phazi, kuchokera kuzala kufika kuchidendene. Akatero ankatsamira mtengo wa mango ndi manja onse, mwendo wodwalawo uli m'mbuyo, ngati akufuna kuugwetsa mtengowo. Esnat ankamuseka kuti mangowo sanamulakwire. Pomaliza ankatsikira kumtsinje ndi kubwerera, ndipo chitsulo chikamalira phazi linali litatentha. Madzulo ankaliviika m'madzi ozizira a mumtsuko.

Lamulungu lina anapita ku Luchenza, kumene Stambuli, Mchawa wosoka zishalo pafupi ndi siteshoni ya sitima, anamudulira nkhwaira za tayala lakale la lole, n'kupinda chiguduli kuchidendene. Zinathandiza ndithu. Koma wantchito wamba sankaloledwa kuonekera kwa mzungu atavala nsapato, choncho ankazivala m'njira ya miyala mokha, akayandikira fakitale n'kuzibisa m'tchire. Anatha dzinja lonse chomwecho, mtima uli m'mwamba, Peterson osadziwa kanthu.

Mvula itatha masamba anachepa, ndipo kunamveka kuti bwana mwini wake abwera kudzasankha amtengatenga otsala. Aliyense adzasenza thumba kudutsa bwalo iye akuona. Okanika adzachoka pa esiteti chimanga chawo chikangokololedwa. Esnat atamva anangofunsa kuti akachoka, manda a ana aja adzawalambula ndani.

Tsikulo kunacha ndi chiperoni, nkhungu ndi kamvula kozizira kolowa m'mafupa. Malizani anachita zake zonse, chitenje, chitsononkho, mango ndi mtsinje, ndipo anafika pabwalo akuyenda ngati mnyamata. Chimene sanaganizire ndi chakuti bwana sadikiridwa anthu ali chiimire. Peterson analamula onse kukhala pansi pa dothi lonyowa, miyendo yotambasula, manja pamaondo. Bwana anali akudyabe kunyumba kwake.

Anakhala, nakhalabe. Malizani ankamva phazi likuzizira ndi kuuma pang'onopang'ono, ndipo ankadziwa bwino chimene chikumudikira akadzuka. Anatulutsa chitsononkho m'thumba la malaya, napinda bondo n'kuchilowetsa pansi pa phazi. Sanachigubuduze kokwanira. Peterson anafika, nachikankha ndi nsapato yake mpaka chinagwera m'ngalande.

"Apa si posewera, achimwene. Tambasulani mwendowo."

Anatambasula. Kenaka anayesa kugwira zala ndi dzanja ngati akuchotsa thekenya, koma kapitawo anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo anasiya. Cha kumpanda, pakati pa amayi odzaonerera, Esnat anali atafunda chiguduli kumutu, maso ali pa iye.

Bwana anafika dzuwa litakwera kuseri kwa nkhungu, nakhala pampando pakhonde la sitolo. Amuna anayamba kuitanidwa mmodzimmodzi. Mkulu wina dzina lake Amosi, wa chifuwa chosatha, anatula thumba pakati pa bwalo kuti atsokomole, ndipo bwana anangogwedeza chala. Amosi anapita kukaima payekha kumbali. Kenaka Peterson anatchula dzina la Malizani.

Anadzuka ndi mwendo wakumanzere. Atangokhudzitsa chidendene chinacho pansi, msomali unalowa mpaka m'mutu, ndipo anadziwa kuti kuchokera pamene anaima kufika pa thumba sakwanitsa osatsimphina. Phazi linkafuna kanthawi kochepa chabe kuti litenthe, koma kanthawiko panalibe womupatsa. Anayang'ana kumpanda kamodzi.

Kenaka anawerama, nawomba m'manja, nayamba kupalasa pansi. Anakokera phazi lakumanja m'mbuyo zala zitapindika, kenaka lakumanzere, kenaka lakumanjanso, monga ankachitira kwa Apwitikizi. Dothi lonyowa linkatumphuka m'mbuyo mwake. Kupalasa kulikonse kunkakoka mtsempha wa pansi pa phazi monga chitenje chija, ndipo ankamva ukumasuka pang'ono, choncho anapitiriza kuposa mmene ulemu uliwonse ungafunire. Wina m'mbuyo anaseka motsitsa, ndipo kusekako Malizani anakumva kuposa ululu.

Bwana anafunsa kapitawo kuti munthuyu akutani. Peterson anayankha kuti ndi ulemu wa kwawo, wa anthu otsidya. Bwana anaseka, nati bwenzi onse akanakhala otere. Malizani anayenda chowerama, monyang'ama, akuwombabe m'manja mpaka pa thumba. Polikweza paphewa phazi linali litatentha. Anadutsa bwalo ndi kubwerera, kuluma mano, osatsimphina ngakhale pang'ono. Bwana anagwedeza mutu, ndipo Peterson anaitana wina.

Pobwerera kumudzi palibe mnzake amene anayenda naye. Amuna omwe anamva nkhani ya thabwa ija kwa zaka zonsezi anatsogola, ndipo mmodzi ankapalasa dothi ndi phazi ena akuseka. Pofika madzulo dzina linali litapezeka kale, Chipalasa, ndipo linamukanirira mpaka kufa kwake. Ana obadwa pambuyo pake sankadziwa kuti analinso ndi dzina lina. Akanatha kuwafotokozera za chidendene, koma mawu a pamowa sachedwa kufika kwa kapitawo, ndiye anangokhala chete. Nkhani ya Apwitikizi sanainenenso.

Chidendenecho chinapola chokha chaka chotsatira, mwakachetechete monga momwe ululu wake unayambira. Zimenezi n'zimene zimawawa munthu ukaziganiza. Koma madzulo a tsikulo iye sankadziwa kuti chidzapola. Anakhala pakhonde nkhope ili pansi, ndipo Esnat anabwera ndi phale la madzi, nagwada, namutsuka dothi lomwe linadzaza m'zala.

"Waona zimene ndachita, mkazanga?"

"Ndaona, bambo a Teleza."

"Ndinalumbira pamaso pako."

Esnat anamupukuta phazi ndi nsalu yake, naliika pa chitsononkho china chimene anachipeza kunkhokwe. Kenaka anatenga khasu lomwe linatsamira chipupa.

"Gubuduzani," anatero. "Ine ndikupita kwa ana. Udzu wamera, ndipo ndinkaopa kuulambula ndisanadziwe ngati tikhala."